Makina Owotcherera Opanda Moto

Akapitawo analowetsa tchizulo pakati pa aluminiyamu ndi chitsulo n'kumenya kamodzi ndi nyundo. Aluminiyamuyo inangoti phaa, n'kusiyana ndi felemu ngati chivindikiro cha chitini. Anasuntha tchizulo n'kumenyanso. Dontho lachiwiri lowotcherera nalonso linamasuka.

"Chitseko chija ndi chimenechi?" anafunsa.

Msomali anaima pambali pa makina, manja ali kumbuyo. Anzake anamupatsa dzinali chifukwa anali wamtali, woonda, ndipo ukamuika pamalo ankangokhala pomwepo osayankhula.

"Bwana, dzino la makinawa ndikulitsitsa mmene anatiphunzitsira muja."

"Sindinafunse za dzino. Ine ndikufuna chitseko choti galimoto ikagunda m'dzenje chisatsale pamsewu."

Fakitaleyo inkapanga zitseko za magalimoto onyamula katundu. Felemu linkakhala la chitsulo chokutidwa ndi zinki, chotuwa ngati malata, ndipo pamwamba pake ankayalapo aluminiyamu kuti chitseko chipepuke. Vuto linali lakuti zitsulo ziwirizi sizimvana pamoto. Aluminiyamu imasungunuka chitsulo chisanayambe n'kufiira komwe. N'chifukwa chake eni fakitale anagula makina atsopano, opanda lawi, opanda utsi. Anali ndi dzino limodzi lolimba lomwe linkazungulira mothamanga, likupekesa aluminiyamu mpaka itafewa ngati phula, kenako n'kuikanikizira pachitsulo chapansi. Dzino likakwera, pankatsala kadontho kozungulira ngati batani la malaya. Madontho amenewo ndi amene ankayenera kugwira chitseko.

"Aa bwana, musamuvute mwana wa eni," anatero Wayilesi ali pa tebulo lake. Ameneyu anali mnyamata wokhoma mahinjesi, yemwe pakamwa pake sipankatseka kuyambira m'mawa mpaka poweruka. "Makinawa amafuna munthu wowayankhula. Uyu amangowayang'ana ngati ng'ombe yaona sitima."

Anyamata anaseka. Akapitawo sanaseke.

"Eni magalimoto akubwera sabata yamawa," anauza Msomali. "Ukandionetsanso zoterezi, makinawa ndipereka kwa Wayilesi. Iwe ubwerera kodula zitsulo."

Kodula zitsulo kunali kuseri kwa shedi, kumene munthu amaweruka makutu akulira, m'mphuno muli bii. Msomali anagwirako ntchito zaka zambiri osadziwika ndi aliyense. Atabwera munthu wa kampani yogulitsa makina kudzaphunzitsa, ena onse ankangocheza, koma iye ankayang'ana manja a mphunzitsiyo. Akapitawo anaona zimenezo n'kumusankha. Kanali koyamba kusankhidwa pa chinthu chilichonse. Pa tizidutswa toyeserera madontho ake ankagwira moti aluminiyamu inkang'ambika dontho lili chigwirire. Koma chiyambire zitseko zenizeni, palibe ngakhale chimodzi chimene chinagwira.

Akapitawo atachoka, a Madala anabwera akukankha ngolo ya chitseko china. Iwowa anali alamu ake, achimwene a mkazi wake, ndipo ndi iwo amene anamuphunzitsa kugwira waya wowotcherera asanakwatire n'komwe. Anawotcherera moyo wawo wonse mpaka kuwala kwa moto kunawafooketsa maso, ntchito n'kuwathera. Mkazi wa Msomali anachonderera, Msomali n'kukapempha kwa akapitawo, ndipo anawalemba mongoyesa kaye. Ntchito yawo inali yokonzekeretsa zitseko: kuyala aluminiyamu pa felemu, kupana ndi zopanira, n'kukankhira kwa Msomali.

"Alamu, musadandaule kwambiri, mulibe poondera," anatero a Madala. Anagogoda makinawo ndi chala. "Ine ndinanena kale. Kuwotcherera kopanda mbaliwali n'kwakuti? Ichi ndi chigayo basi. Mawa tibweretse chimanga."

Msomali anamwetulira mwaulemu n'kulandira chitsekocho.

Masiku otsatira anayesa chilichonse chimene anachiganiza. Anatsitsa dzino mozamirapo, koma linakanda chitsulo chapansi n'kulira ngati nkhumba yomangidwa, moti shedi yonse inatembenuka. Analisiya likupekesa nthawi yotalikirapo kuti patenthe kwambiri. Dontho linaoneka lokongola, koma atalimenya linaphwanyika ngati bisiketi. Anawonjezera liwiro, anachepetsa liwiro. Anapukuta aluminiyamu ndi nsanza yatsopano. Anasintha dzino n'kuika lina, ngakhale woyang'anira zipangizo anamupatsa akung'ung'udza. Chitseko chilichonse chinkakathera pa mulu wa zotayidwa kunja.

"Msomali, mpando uja uzindifundira bwinobwino," ankatero Wayilesi akamadutsa. "Sindifuna kudzazizidwa."

Madzulo ena mkazi wake anamupeza atakhala pakhonde, nsapato imodzi atavula, inayo ili kuphazi.

"Kodi inayo mugona nayo?"

"Andichotsa pa makina aja."

"Akuchotsani kale?"

"Sabata yamawa, zikapanda kugwira."

Mayiyo anakhala pansi n'kuyamba kumumasula chingwe cha nsapato. "Nanga achimwene simuli nawo komweko? Aja zitsulo anabadwa nazo m'manja. Afunseni."

"Izi n'zina. Sakuzidziwa."

"Mwawafunsa? Inu vuto lanu ndi limeneli, simufunsa, simunena. Ngakhale pondifunsira ine munatuma achimwene omwewo, inu mutabisala kuseri kwa mtengo." Anaseka yekha, kenako anafatsa. "Akazi awo akuti masiku ano amadzuka tambala asanalire, ati akufuna mukamafika mupeze zonse zili m'malo. Ntchito imeneyi yawadzutsa, bambo. Anali atayamba kumangokhala kuyang'ana khoma."

Msomali anangovula nsapato ija.

Sabata imeneyo kunagwa mvula. Italeka, nthawi ya chakudya chamasana, Msomali anapita kukakhala kunja pafupi ndi mulu wa zitseko zake zolephera, chifukwa m'kati munali Wayilesi. Ankadya akuyang'ana mafelemu amene aluminiyamu inali itachotsedwapo. Kenako analeka kutafuna.

Pa felemu lapamwamba panali timadontho ta dzimbiri, tofiirira, titandanda mzere.

Chitsulo chokutidwa ndi zinki sichichita dzimbiri ndi mvula ya masiku ochepa. Anaganiza kuti mwina ndi pamene dzino lake linatentha. Koma pa felemu limenelo iye anangoika madontho mbali imodzi n'kulitaya, pamene dzimbiri linazungulira mbali zonse, ngakhale kumene dzino silinafikeko. Anapukuta ndi chala chachikulu. Pansi pa dzimbiri panali mizere yopyapyala yokhotakhota, ngati imene imasiyidwa ndi gilayinda.

Analowa m'shedi, n'kupita pa chitseko chimene chinkamudikira pa ngolo. Anamasula zopanira n'kutukula aluminiyamu. Paliponse poyenera kutera dzino, zinki inali itapalidwa, chitsulo chikuwala kuti mbee. Masiku onsewa iye ankangoyang'ana mbali ya aluminiyamu, kufunafuna cholakwa cha makina. Pansi sankaonapo, chifukwa zitseko zinkamupeza zitapanidwa kale.

Pamenepo anakumbukira tsiku limene a Madala anayamba ntchito. Akapitawo anamuuza kuti, "Munthu wako uyu, umulongosolere zonse za mafelemu." Iye anawatengera pa mulu wa mafelemu, mawu a mphunzitsi uja ali m'mutu: osakanda, osapala, kungopukuta mafuta ndi nsanza. Koma atayang'ana imvi zawo ndi zipsera za moto m'manja mwawo, lilime linalemera. Anangoti, "Alamu, izi mukuzidziwa kale kuposa ine."

Anayang'ana kumene anali a Madala. Anali atakhala pa mgolo, anyamata atawazungulira, akuwafotokozera mmene anawotchererapo thanki ya madzi ali m'kati mwake. Onse ankaseka. Msomali anayenda mpaka pakati pa shedi, anaima, n'kubwerera pa makina ake. Masana onsewo anangokhala ngati akupukuta dzino.

M'mawa mwake anafika mlonda asanaweruke. Ali pageti anamva gilayinda ikulira.

A Madala anali atawerama pa felemu, atamanga kansalu pamphuno, nkhope itayandikira kwambiri chitsulo chifukwa cha maso awo. Ankayeza ndi kamtengo, n'kupala, n'kuyezanso.

"Alamu!"

Sanamve. Msomali anapita kukhoma n'kuzula pulagi.

"Ndani ameneyo?" A Madala anatsitsa kansalu kaja. "Oo, alamu. Mwandigwira. Ine ndimafuna musadziwe."

"Mukutani?"

"Simukuona? Ndikuchotsa zinki. Taonani kuwala kwake, mukhoza kumetera ndevu pamenepa."

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire tsiku loyamba. Ndinaona kuti anyamata anuwa palibe amene akusamala, ndiye ndinati mlamu wanga asawotcherere pa litsiro ine ndilipo."

"Anakuuzani ndani?"

"Kundiuza? Ine?" A Madala anaseka. "Amene anakuphunzitsani inuyo kuti zinki imachotsedwa musanawotcherere ndani? Mwaiwala? Utsi wake umenewu unandigonekapo ine, kunjenjemera ngati malungo, mayi akunyumba akundimwetsa mkaka. Ndipo ukawotcherera pamwamba pake, chitsulo chimachita mabowo ngati siponji. Zimenezi ngakhale mwana wa dzulo amazidziwa."

"Makinawa amafuna zinki!"

Mawuwo anamveka shedi yonse. Msomali anadabwa nawo yekha. A Madala anamuyang'ana kukamwa kuli yasa, chifukwa chiyambire kumudziwa anali asanamumvepo akukweza mawu.

"Amafuna zinki, alamu," anabwereza motsitsa. "Dzino likatenthetsa, zinki imasungunuka n'kuthawira m'mbali, aluminiyamu n'kupeza chitsulo chili choyera nthawi yomweyo. Makinawa anawatchera motero. Inu mukapala, chitsulo chimatsala pamphepo, ndiye pofika kwa ine sichilolanso."

"Zabodza zimenezo. Palibe chitsulo chimene chimakonda kuwotchereredwa chitavala malaya."

Msomali anapita pa mulu wa mafelemu n'kuyamba kuwatembenuza. Lopalidwa. Lopalidwa. Lopalidwanso. Anatuluka thukuta asanapeze limene gilayinda inali isanafikepo, pansi penipeni. Analipukuta ndi nsanza, anayala aluminiyamu, anapana yekha. Anabwezera makina mmene mphunzitsi uja anawasiyira. Dzino linatsika likung'ung'uza, linaima pang'ono, n'kukwera. Anaika madontho angapo, kenako anapereka tchizulo ndi nyundo kwa a Madala.

"Menyani nokha."

A Madala anamenya. Palibe chinachitika. Anakunga dzanja n'kumenya ndi mphamvu. Aluminiyamu inapindika. Anamenyanso, mano atakukuta, mpaka inang'ambika mozungulira dontho, koma dontho linatsala litakakamira pachitsulo.

Anaika nyundo pansi pang'onopang'ono n'kukhala pa mgolo. Anayang'ana mulu wa mafelemu kwa nthawi yaitali.

"Ndiye masiku onsewa akukukalipirani chifukwa cha ine?"

Msomali anavomera ndi mutu.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanakuuzani bwanji? Inuyo?"

"Ndi pakamwa, alamu. Pomwe mumadyera pomwepo." Anapukuta nkhope ndi kansalu kaja. "Mumandiona ngati galasi loti mukalikhudza lisweka? Ine ndinkakumenyani m'manja ndi waya mukalakwitsa. Munafa?"

Kunja kunayamba kumveka mawu a anthu akulowa pageti. A Madala anadzuka mofulumira n'kumugwira mkono.

"Tamverani. Tisunthe madontho pambali pang'ono, pamene sindinapale. Agwira bwinobwino, mwaona nokha. Popalidwapo aluminiyamu iphimba. Aona ndani? Inu makina anu atsala, ine ntchito yanga itsala."

Msomali anayang'ana felemu. Zinali zoona, zikanatheka. Zitseko zikanapirira tchizulo cha akapitawo, eni magalimoto akananyamula akusangalala, ndipo Wayilesi akanatsala ndi mahinjesi ake. Mtima wake unakhumbira zimenezo moti anayamba kuyeza ndi maso kuti dontho lisunthe motalika bwanji. Koma anaganiza za madzi akulowa pansi pa aluminiyamu chaka ndi chaka, kumene palibe amene angapukute, dzimbiri likudya felemu mwakachetechete pafupi ndi madontho omwewo.

"Kunja kuja ndaona mmene likudyera," anatero. "Ndi mvula ya masiku ochepa chabe."

"Ndiye akandichotsa, mlongo wanga mukamuuza chiyani?"

Nthawi imeneyo akapitawo anali atalowa kale, Wayilesi ali pambuyo pawo akuwafotokozera za mpira. Akapitawo anaona aluminiyamu yong'ambika ija n'kuima. Anatola tchizulo, anayesa dontho lina, n'kuyesanso lina. Nkhope yawo inamasuka koyamba sabata yonse.

"Eee, zagwira! Msomali, wachita bwanji?"

"Wakaombeza ameneyu," anatero Wayilesi. "Ndimuone m'thumba, muli kanyanga."

A Madala anayang'ana pansi. Msomali akanatha kungonena kuti wapeza liwiro loyenera, ndipo palibe akanafunsa zambiri. Koma anapita pa ngolo, anamasula zopanira za chitseko cha dzulo, n'kutukula aluminiyamu.

"Bwana, onani pansi apa."

Akapitawo anaona. Anapita pa mulu n'kutembenuza felemu limodzi, kenako lina, kenako lina. Akamatembenuza, khosi lawo linkatupa.

"Wachita izi ndani? Mafelemu onsewa?"

"Ndine, bwana," anatero a Madala. "Ndimati ndikuthandiza."

"Anapala ndi alamu anga," anatero Msomali. "Koma sindinawauze. Munandituma kuti ndiwalongosolere, ine ndinangowauza kuti akudziwa kale. Dzulonso masana ndinaziona, osanena. Lero apalanso ena."

Ngakhale Wayilesi anatseka pakamwa.

"Ndinakupatsa makina ndi munthu mmodzi woti umulangize," anatero akapitawo. "Mmodzi! Wakulaka. Ndiye ndingakusiyire bwanji chinthu chimene chimadalira manja a anthu ena? Kupekesa umatha, ndaona. Koma ine sindingamangodikira mvula kuti indiuze zimene zikuchitika m'shedi mwanga."

Anatembenuka. "Wayilesi, vula magolovesi amafutawo, khala pa makina. Uyambe ndi mafelemu osapalidwa. Inu awiri, kukatenga penti wa zinki ndi mabulashi. Paliponse popalidwa mupake, felemu lililonse, ndipo madontho tiwasunthira pambali. Mukamaliza, iwe Msomali kodula zitsulo. Inu a Madala, za inu tidzakamba mukamaliza."

Anawapatsa ngodya yakumapeto kwa shedi, pafupi ndi khomo, chifukwa cha fungo la penti. Anakhala moyandikana, felemu lili pa mawondo awo onse awiri, wina mbali iyi, wina mbali iyo. Mulu unali wautali kuposa munthu. Anapaka mpaka dzuwa linafika pakhomo.

Kumbuyo kwawo makina anayamba kung'ung'uza. Msomali sanatembenuke, koma makutu ake anali komweko. Dzino linatsika, linaima, linaimabe, kenako linakwera mochedwa. Bulashi inaima m'manja mwake. Dzino linatsikanso, ndipo linachedwanso chimodzimodzi. Wayilesi ankaimba nyimbo.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa a Madala.

"Akulichedwetsa. Akuganiza kuti kutentha kwambiri ndiye kulimba. Madontho amenewo aphwanyika."

"Mwadziwa bwanji osaona?"

"Likumveka."

A Madala anaviika bulashi m'chitini n'kupitiriza kupaka. "Musiyeni awononge. Akapitawo akubwezerani makina anu."

Msomali anaganiza zimenezo. Mafelemu osapalidwa anali ochepa, ndipo Wayilesi akanawamaliza lisanalowe dzuwa.

"Kapena mukuopa kumuuza?" anatero a Madala, osamuyang'ana. "Ameneyo alibe imvi."

Dzino linatsikanso kachitatu. Msomali anagoneka bulashi pa chitini, anapukuta manja pa ovololo, n'kuimirira. Anadutsa pakati pa shedi anyamata akumuyang'ana, mpaka anafika kumbuyo kwa mpando umene unali wake dzulo.

"Wayilesi," anatero, "zimitsa kaye. Ukulakwitsa."